Kodi kaseti ya nyimbo ingaonetsedi kanema? Ndikufuna kupanga kachipangizo kotere

Wa_ku_Chilomoni

Moni akuluakulu. Pa YouTube ndi TikTok pakuyenda tizipangizo tina todabwitsa: munthu akulowetsa kaseti ya nyimbo m'kabokosi, akudina Play, pa sikirini pakubwera kanema. Wina akuika mbale ya galamafoni, singano ikangotera, TV ikuyamba kuonetsa zithunzi zoyenda. Ndikufuna kupanga chonga chimenechi kuti chizikhala pa kauntala m'shopu ku Limbe, munthu azisankha yekha kaseti pa shelefu, aziika, n'kuonera.

Zomwe zilipo kale ndi izi: deki ya makaseti ya stereo yokhala ndi Line In ndi Line Out, wailesi ya kaseti ya mabatire, makaseti 40 osakaniza C60 ndi C90, TV yakale ya chubu ya mainchesi 14 yokhala ndi mabowo a AV, foni ya Android ndi laputopu.

Chomwe sindikumvetsa n'chakuti, kodi kanemayo amakhaladi pa tepipo, kapena kasetiyo ndi yongophimba anthu m'maso? Ngati amakhaladi pamenepo, ndingamujambule bwanji ndi deki ilipoyi? Ngati n'zosatheka, njira yapafupi ndi iti ndipo ndigule chiyani? Amene mumazidziwa chonde fotokozani ndi manambala omwe, ndisataye ndalama pa zinthu zosagwira.

Mmisiri_wa_Ndirande

Achimwene, zomwe mukuonazo zili mitundu iwiri, ndipo muzisiyanitse musanapise m'thumba. Pa zambiri, kasetiyo ndi kiyi chabe, kanema ali pa memory card mkati mwa bokosi. Zochepa ndi zomwe chithunzi chimachokeradi pa tepi, ndipo zimenezo sizisowa: chithunzi chake chimakhala chakuda ndi choyera, chosamveka bwino nkhope, kapena chimatsika mzere umodziumodzi kuchokera pamwamba.

Nkhani yagona pa liwiro. Kuyambira pomwe Philips inatulutsa kaseti mu 1963, tepi yake imayenda masentimita 4.76 pa sekondi. Pa liwiro limeneli deki wamba imasunga mawu mpaka cha m'ma 12,000 Hz, yapamwamba imapitirirako pang'ono. Kanema wa PAL, amene TV yanuyo imalandira, ali ndi mizere 625 ndi zithunzi 25 pa sekondi, ndipo amafuna pafupifupi 5,000,000 Hz. Gawani nokha, mupeza kuti kaseti ikupelewera kuposa ka 400. Zili ngati kufuna kuti madzi a m'Mudi a mwezi wa Januwale adutse m'kampopi ka pakhomo.

Mwina mufunsa kuti nanga VHS imatha bwanji, pomwe tepi yake imayenda pang'onopang'ono kuposa ya kaseti, masentimita 2.34 okha pa sekondi. Chinsinsi chili pa chitsulo chobulungira chonyezimira chija chomwe mumaona mukasuzumira m'deki ya vidiyo. Mahedi ali pamenepo, ndipo chimazungulira ka 1,500 pa mphindi, chopendekeka, n'kumalemba mizere yodutsa tepi chopingasa. Hedi imakhula tepi pa liwiro la pafupifupi mamita 4.85 pa sekondi, kutanthauza ka 100 kuposa kaseti. Hedi ya deki yanu ndi yongokhala, sizungulira. Choncho kulumikiza waya wachikasu wa vidiyo ku Line In sikungakupatseni kanthu, mungomva phokoso.

Amene anayesadi anachita kuchepetsa chithunzi, kuthamangitsa tepi, kapena zonse ziwiri. Chitsanzo chotchuka ndi PXL-2000, kamera ya ana yomwe Fisher-Price inatulutsa mu 1987. Imajambula pa kaseti wamba ya mtundu wa chrome, koma imathamangitsa tepi ka 9, pafupifupi masentimita 43 pa sekondi. Chithunzi chake ndi timadontho 120 m'lifupi ndi 90 kutsika, zithunzi 15 pa sekondi, popanda mitundu. C90 yomwe imaimba mphindi 90 imatha m'mphindi 10 kapena 11 zokha, mbali zonse ziwiri. Kaseti yojambulidwa m'menemo siwerengeka pa deki ina iliyonse, ndipo kamerayo imatulutsa NTSC ya ku America, yomwe TV zakale zina za kuno zimaionetsa ikugudubuzika kapena kuikana kumene. Kuiitanitsa kuti ikhale pa kauntala tsiku ndi tsiku sindingakulangizeni. Ndi chinthu cha zaka pafupifupi 40, malamba ake anafooka, ndipo tepi yothamanga choncho imadya hedi.

Za mbale zija n'zakale kuposa pamenepo. John Logie Baird anajambula zithunzi za mizere 30 pa mbale za galamafoni mu 1927 ndi 1928, n'kuzitcha Phonovision. RCA inagulitsa CED kuyambira 1981, mbale ya kanema wamitundu yowerengedwa ndi singano, koma imazungulira ka 450 pa mphindi pa makina akeake, osati pa galamafoni. Chomwe munaona pa galamafoni wamba chiyenera kukhala VinylVideo, ya Gebhard Sengmüller wa ku Austria ya mu 1998: mbale imatulutsa mawu, kabokosi kapadera kamawasandutsa chithunzi chaching'ono chakuda ndi choyera. Mbale zotero zimachita kudindidwa, si zopangira pakhomo.

Palinso gulu la okonda TV ya mizere yochepa, lomwe muyezo wawo ndi mizere 32 ndi zithunzi 12.5 pa sekondi. Pa masamu zimakwana m'ma 10,000 Hz, koma kaseti imataya mafunde otsikitsitsa, ndiye chithunzi chimachita mabanga ndipo sichikhazikika. Ndi ntchito ya munthu amene ali ndi oscilloscope pa benchi, osati poyambira.

NaChisale

Zomwe anena a Mmisiri n'zoona, koma musagwe mphwayi. Ngati mukufuna chinthu chochokeradi pa tepi, ndi zida zomwe mwatchulazo mungayambe lero. Si kanema woyenda, ndi zithunzi zamitundu zotsika pang'onopang'ono, njira yotchedwa SSTV yomwe anthu a mawailesi olankhulirana amatumizirana zithunzi. Ndipo kunena zoona, pa kauntala ndi chimenechi chomwe chimaimitsa anthu: akumva kulira kwa tepi, akuona nkhope ikutuluka mzere ndi mzere.

Mmene imagwirira ntchito: kuwala kwa kadontho kalikonse kumasandutsidwa liwu. 1,500 Hz ndi kuda, 2,300 Hz ndi kuyera, zapakati zili pakati pomwepo, ndipo 1,200 Hz ndi chizindikiro chakuti mzere watsopano wayamba. Zonsezi zili mkatikati mwa zomwe kaseti iliyonse imakwanitsa, ngakhale ya Type I yotchipa. Chithunzi chimadalira kukwera ndi kutsika kwa liwu, osati kukula kwa voliyumu, n'chifukwa chake kaphokoso ka tepi kaja sikachiononga kwenikweni.

Mitundu yake ilipo ingapo. Robot 36 imatumiza chithunzi cha 320 ndi 240 m'masekondi 36. Scottie 1 imatenga masekondi 110, Martin 1 imatenga 114, zonse ziwiri 320 ndi 256. Mbali imodzi ya C60 ndi masekondi 1,800, ndiye mukasiya mpata wa masekondi 4 pakati, Robot 36 ikupatsani zithunzi 45, Martin 1 ikupatsani 15.

Pojambula chitani izi. Ikani SSTV Encoder pa foni, kapena MMSSTV pa laputopu ngati ili ya Windows. Zithunzi zidulenitu zikhale 4:3, nkhope zazikulu, zilembo zonenepa, chifukwa tizilembo tating'ono timasungunuka. Gulani waya wa jeki ya 3.5 mm mbali ina ndi ma RCA awiri mbali inayo, kuchokera pa foni kupita ku Line In. Foni ikhale pa flight mode ndipo muzimitse mabelu onse, chifukwa uthenga umodzi wa WhatsApp ukalira pakati umasiya chimzere chodula chithunzi ndipo muyenera kuyambiranso. Dolby ikhale yozimitsa. Voliyumu ya foni ikhale cha pa 70 peresenti, kenako sinthani Rec Level mpaka singano kapena timagetsi tiime pakati pa -6 ndi -3 dB, osafika pofiira. Mukapyola, liwu limaphwanyika ndipo m'mphepete mwa zinthu mumatuluka mithunzi. Mukadina Record dikirani masekondi 8 musanayambe kutumiza, popeza kumayambiriro kwa kaseti kuli katepi koyera komwe sikagwira kanthu, ndipo mukataya kaliwu koyamba komwe kamatsogolera chithunzi, pulogalamu siidziwa kuti mwagwiritsa ntchito mtundu uti.

Musajambulire pa wailesi ya mabatire ija. Yambiri imasintha yokha kukula kwa mawu ndipo imangokhala ndi bowo la maiki. Ngati palibe kuchitira mwina, chepetsani mphamvu ndi marezisita awiri: 10k motsatira waya, 100 ohm kuchokera pamenepo kupita ku ground. Zimenezi zimatsitsa ka 100.

Poonetsa, yapafupi ndi pulogalamu ya Robot36 pa Android, foni pafupi ndi sipika masentimita 5 kapena 10. Kunyumba zimatheka, koma ku Limbe, ndi mahutala a maminibasi ndi oitanira, maiki izitola zonsezo n'kuzijambula ngati timizere. Pitani pa waya. Line Out ya deki ilowe m'ka USB sound card kotchipa pa laputopu, kudzera pa marezisita aja ngati kali ndi bowo la maiki lokha, MMSSTV izilandira. Kuti zifike pa TV ya chubu mufunika kabokosi ka HDMI to AV. Kamafuna 5V ya USB, ndipo kali ndi kaswitchi m'mbali: kakhale pa PAL, apo ayi chithunzi chituluka chopanda mitundu kapena chogudubuzika.

Lamulo limodzi loti musaliphwanye: jambulirani pa deki yomweyo yomwe izidzaseweretsa. Ngati ikuchedwa ndi 2 peresenti, imachedwa pojambula ndi poseweretsa pomwe, ndiye cholakwikacho chimafafanizika chokha.

Soche_Pi

Bambo a ku Chilomoni, achemwali afotokoza bwino, koma mwanena kuti munthu aziika kaseti n'kuonera. Ngati mukutanthauza kanema woyenda, wamitundu, wamawu, njira yake ndi ya kiyi ija. Si chinyengo ngati simukunamiza munthu, ndipo ndi yokhayo yomwe ingapirire manja a anthu tsiku lonse, chifukwa tepi siyenda n'komwe.

Zogula: kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi 3 kapena 4, chaja yake yeniyeni (5V 2.5A pa Pi 3, 5V 3A ya USB-C pa Pi 4), memory card ya 16 GB, flash imodzi, kowerengera NFC ka RC522 kapena PN532 (kabodi kowerenga nambala ya sitika ikayandikira), timasitika ta NTAG213 tobulungira ta 25 mm, kamodzi pa kaseti iliyonse, timawaya 7 ta jumper, ndi waya wa AV wa jeki ya mizere itatu. Pi, kowerengera ndi timasitika nthawi zambiri n'zochita kuitanitsa, ndiye itanitsani pamodzi ndipo timasitika muonjezere 10.

Waya wa AV ndi pomwe ambiri amagwa. Pa bowo la Pi, nsonga ya jeki ndi mawu akumanzere, mphete yoyamba akumanja, yachiwiri ndi ground, tsinde ndi vidiyo. Pa mawaya ena a mumsika, ground ili pa tsinde. Mukaika wotere mumva kung'ung'uza ndipo chithunzi sichibwera, ngakhale musinthanitse mapulagi. Pitani ndi mita yoyezera magetsi pogula: chitsulo chakunja cha RCA chizilira ndi mphete yachiwiri, osati tsinde.

RC522 imadya 3.3V. Mukaipatsa 5V mwaiotcha. Kulumikiza kwake: 3.3V ku pini 1, GND ku pini 6, MOSI ku 19, MISO ku 21, RST ku 22, SCK ku 23, SDA ku 24. IRQ isiyeni. Tsegulani SPI mu raspi-config. Kuti vidiyo ituluke pa AV, pa Raspberry Pi OS yakale mumalemba sdtv_mode=2 mu config.txt, ndipo pa Pi 4 mumaonjeza enable_tvout=1. Pa ya Bookworm, mzere wa dtoverlay=vc4-kms-v3d muuonjezere ,composite kumapeto, ndipo mu cmdline.txt muike video=Composite-1:720x576@50ie. Waya wa HDMI ukhale wozula poyatsa.

Makanema akonzeni pa laputopu kuti onse afanane:

ffmpeg -i gwero.mp4 -vf "crop=ih*4/3:ih,scale=720:576" -aspect 4:3 -r 25 -c:v libx264 -b:v 2M -c:a aac 01.mp4

Mzerewu umadula m'mbali mwa kanema wotambalala kuti adzaze TV ya chubu popanda anthu kuoneka owonda. Pa 2M, mphindi imodzi imadya pafupifupi 16 MB, ola limodzi pafupifupi 1 GB. TV ya chubu imabisa m'mphepete mwa chithunzi, ndiye mawu olembedwa asayandikire kumapeto. Seweretsani ndi VLC kapena mpv. Malangizo akale a pa intaneti amatchula omxplayer, koma inasiyidwa ndipo pa OS yatsopano sigwira.

Kapulogalamu kake ka Python ndi kakafupi: pakangotha kotala ya sekondi iliyonse kazifunsa kowerengera, kakapeza nambala yatsopano kayang'ane pa mndandanda n'kuyambitsa fayilo yake, kaseti ikachoka kaimitse. Pali misampha iwiri. Woyamba, RC522 nthawi zambiri imawerenga kamodzi n'kuphonya kotsatira ngakhale sitika sinasunthe. Mukalemba kuti kuphonya kamodzi ndiye kuti kaseti yachoka, kanema azingoyambiranso. Dikirani iphonye ka 4 motsatizana. Wachiwiri, nambala ya NTAG213 ili ndi ma byte 7, koma library yotchuka ya mfrc522 imangotenga chigawo choyamba, ndiye masitika awiri akhoza kuoneka ngati amodzi. Werengani onse musanamate, ofanana muwapatule. PN532 imawerenga nambala yonse, ndipo ngati ndalama ilipo tengani imeneyo.

Kowerengeraka kamafika masentimita 2 kapena 3 basi, ndipo chitsulo chimakatseka. N'chifukwa chake kuika mkati mwa deki yeniyeni kumavuta, kuseri kwa chitseko kuli chitsulo chokhachokha. Pitani kwa akalipentala akukhomereni kabokosi ka pulayiwudi ya 4 mm, kokhala ndi mpata wolowa kaseti, yomwe ndi masentimita 10 ndi 6.4, kukhuthala 1.2. Kowerengera kamatidwe kuseri kwa thabwalo moyang'anana ndi pomwe sitika ifikire. Sitika ikhale pansi pa pepala la dzina, pamalo amodzimodzi pa makaseti onse, kutali ndi tisikuluu ta m'makona. Dulani kakatoni koyezera kuti musamaphonye.

Za magetsi musazitenge mopepuka. Akathima Pi ikulemba pa card, card imaonongeka ndipo mawa lake siyaka. Zonse zikayenda, lowani mu raspi-config, Performance Options, tsegulani Overlay File System. Kuyambira pamenepo card imangowerengedwa, mukhoza kuzula pulagi nthawi iliyonse. Makanema akhale pa flash kuti muziwasinthira pa laputopu. Koperani card yonse pa ina yosungira. Mukaona chenjezo la low voltage, vuto ndi chaja kapena waya wake wowonda, osati Pi. TV ya chubu musaitsegule, mkati mumatsala mphamvu yoopsa ngakhale itazimitsidwa.

Chinanso, ngati muzionetsa nyimbo za oimba m'shopu, kumeneko ndi kuonetsa pagulu. Kafunseni ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, za chiphaso.

Wa_ku_Chilomoni

Zikomo kwambiri nonse. Ndayamba ndi SSTV podikira zoitanitsa. Robot 36, kujambula ndi kuseweretsa pa deki yomweyo, kudzera pa waya. Chithunzi chikutuluka, koma mizere yoima ikukhota ngati njoka, ndipo kaseti ikamayandikira kumapeto chilichonse chikusanduka chobiriwira. Pa makaseti ena mukudutsa timizere toyera apo ndi apo. Ndikaseweretsa fayilo yomweyo kuchokera pa foni molunjika, chithunzi chili bwinobwino. Ndiyambire pati?

Mmisiri_wa_Ndirande

Mwachita bwino kuyesa fayilo payokha, zatsimikiza kuti vuto lili pa deki ndi matepi. Zizindikiro zitatuzo chilichonse chili ndi gwero lake.

Kukhota ngati njoka ndi liwiro losakhazikika. Chomwe ananena achemwali, kuti cholakwika chimafafanizika pa deki imodzi, chimagwira ngati deki ikuchedwa mofanana nthawi zonse. Ikamathamanga n'kuchedwa, n'kuthamanganso, zolakwika za pojambula ndi za poseweretsa zimaphatikizana. Olakwa amakhala awiri: lamba ndi kagudumu ka rabala kopanikiza tepi, pinch roller. Zulani pulagi, tsegulani chivundikiro, gwirani lamba wochokera pa mota. Akakhala wonyezimira, wotamuka kapena womata ngati phula, watha. Pukutani zotsalira zake zonse m'mipata ya mapule, kenako zungulizani ulusi momwe lamba amadutsa, yezani, mugule wofupikirapo ndi 5 peresenti, wa mtundu womwewo, wafulati kapena wa makona anayi. Amisiri a mawailesi mumsika wa Ndirande ndi wa Limbe amasunga madeki akufa, tengani wakaleyo mukayerekeze. Mphira zomangira ndalama ayi, zimatamuka mosiyanasiyana ndipo njokayo ikula.

Pinch roller ndi kachitsulo kozungulira komwe imapanikizako muzipukute ndi thonje la m'makutu lonyowetsa ndi isopropyl. Sipiriti yofiirira ija imasiya utoto, ipeweni ngati mungathe. Pukutani mpaka thonje lizituluka loyera, dikirani mphindi 5 ziume. Rabala ikakhala yolimba ngati pulasitiki kapena yang'aluka, kupukuta sikuthandiza, isintheni.

Kubiriwira kuja kukutiuza kuti tepi ikuchedwa kumapeto. Mu Robot 36 mitundu imayezedwa kuchokera pa 1,900 Hz. Tepi ikachedwa ndi 2 peresenti, liwu limatsika ndi 38 Hz, ndipo popeza mpata wonse kuchokera kukuda kufika kuyera ndi 800 Hz yokha, kutsika kumeneko kumakokera zonse kobiriwira. Ikathamanga zimapita kofiirira. Kumapeto kwa kaseti tepi imalemera kukoka, lamba wofooka amaterereka. Lamba watsopano athetsa zambiri. Kuonjezera apo gwiritsani ntchito C60 m'malo mwa C90, tepi yake ndi yokhuthala, ndipo kaseti iliyonse yomwe yakhalitsa muithamangitse mpaka kumapeto n'kuibweza musanajambule, kuti imasuke. Zikapitirira sinthani kupita ku Martin 1. Iyo imatumiza chobiriwira, chabuluu ndi chofiira chilichonse pachokha, ndiye liwiro likasuntha chithunzi chimangoda kapena kuwala pang'ono, mitundu siisokonekera.

Timizere toyera ndi malo omwe tepi inasiya kukhudza hedi. Yang'anani pansi pa kaseti, pakati, pali kathonje kokhala pa kachitsulo kopyapyala komwe kamakankhira tepi ku hedi. Pa makaseti akale guluu wake amauma ndipo kamagwa. Kamateninso ndi kadontho kamodzi, kapena muchotse pa kaseti yakufa. Suzumiraninso pa kawindo: mukaona madontho oyera ngati ufa pa mkulungo wa tepi, ndi chuku. Chinyezi cha kuno, dzinja ndi chiperoni chomwe, chimachita zimenezo pa makaseti osungidwa m'katoni pansi pa bedi. Yotero isalowe m'deki, imapaka hedi ndipo imapatsira anzake. Abwinowo asungeni choimika m'chidebe chotseka, muikemo timapaketi ta silica tija timabwera m'mabokosi a nsapato.

Kasikuluu ka m'mbali mwa hedi musakakhudze panopa. Kamawongola kupendekeka kwa hedi, ndipo pa deki imodzi yojambula n'kuseweretsa sikasintha kanthu. Mukadzafuna kuyeza liwiro lenileni, tengani kaseti yogula yokhala ndi nyimbo yomwe muli nayonso pa foni, muyerekeze nthawi. Pa nyimbo ya mphindi 4, kusiyana kwa masekondi 2.4 ndi 1 peresenti. Yesani makaseti atatu osiyana, chifukwa nawonso ena anakopedwa mothamanga. Chosinthira chili m'kabowo kuseri kwa mota. Lowetsani kasikuludiraiva kapulasitiki, potozani pang'ono kwambiri, yezaninso.

Soche_Pi

Deki ikachira, pali njira yapakati yomwe ingakupatseni zonse ziwiri: tepi ikuzunguliradi anthu akuona, ndipo kanema ndi woyenda. Deki yanu ndi ya stereo, ndiye kumanzere jambulani mawu kapena nyimbo, kumanja jambulani timaliwu ta mabatani a telefoni, DTMF, toti tiziuza Pi fayilo yoyambitsa.

Mu Audacity pitani pa Generate, DTMF Tones. Kaliwu kalikonse katalike kotala ya sekondi, kajambulidwe cha pa -10 dB kuti kasadumphire kumanzere n'kumveka pa sipika. RCA yoyera ipite ku TV kapena ku ampu, yofiira ipite ku kabodi ka MT8870, kosandutsa timaliwuto kukhala manambala. Kabodika kamadya 5V ndipo kamatulutsanso 5V pa Q1 mpaka Q4 ndi StQ, pomwe mapini a Pi amapirira 3.3V yokha. Pa waya uliwonse mwa asanuwo ikani 10k motsatira, ndi 20k kupita ku ground, mutenge pakati. Alowe pa mapini 29, 31, 33, 35 ndi 37, omwe sakulimbana ndi RC522 ngati mungafune zonse pa bokosi limodzi. Ground ya kabodi ndi ya Pi zilumikizane. Werengani ma Q pokhapokha StQ ikakwera. Dziwaninso kuti batani la 0 limatuluka ngati 10, osati ziro. Mabatani alipo 16, ndiye pa makaseti 40 gwiritsani ntchito awiriawiri, 01 mpaka 40, ndi # kumapeto.

MT8870 imalandira liwu lomwe lasuntha osapyola 1.5 peresenti. Deki ya lamba wotha iziphonya, n'chifukwa chake ntchito ya a Mmisiri iyambe. Wailesi ya mabatire pano ilibe gawo, imasakaniza mbali ziwirizo kukhala imodzi.

Chovuta chake ndi kuyenderana. Pi imasunga nthawi ndendende, tepi ayi. Kusiyana kwa 1 peresenti pa mbali ya mphindi 30 ndi masekondi 18. Dulani kanema m'zigawo za mphindi 2, chilichonse ndi kaliwu kake, kusiyanako kutsika kufika sekondi 1.2 kenako kumayambiranso pa ziro. Pa zithunzi za malo, magule kapena katundu wa m'shopu wokhala ndi mawu ofotokoza, palibe angazindikire. Pomwe pali munthu akulankhula pafupi ndi kamera, milomo isemphana ndi mawu moonekeratu. Pamenepo mawu azichokera pa Pi pamodzi ndi kanema, kumanzere kwa tepi kukhale kopanda kanthu. Ndipo mukamaliza kujambula kaseti iliyonse, thyolani timapulasitiki tiwiri ta pamwamba pake, kuti wodina Record mwangozi pa kauntala asafufute timaliwuto.